Tikutsekera mnansi, akathyali tikuwasiya

Kuno ku Kasungu anthu okhala ndi masamba awo pa intaneti ndi ambiri kuposa momwe timaganizira. Kuli achinyamata olemba nkhani za m'boma lino ndi za mpira wa m'madera, kuli eni malo ogona alendo amene amadikira anthu opita ku Lifupa, kuli masukulu a pulayiveti, kulinso ogulitsa mbewu ndi feteleza. Ambiri mwa iwowa akangomva kuti mpata wopanda kanthu pa tsamba ungathe kubwerekedwa ndi Google iwo n'kumalandira madola, sachedwa. Pakapita milungu ingapo amabwera ndi funso, ndipo limakhala lomwelomwelo: malonda a munthu amene ndikupikisana naye ndiwachotse bwanji pa tsamba langa?

Yankho lake lilipo ndipo ndilipereka. Koma funsoli silinayenere kukhala loyamba. Mwini tsamba amene amachezera usiku kusakasaka malonda a mnzake wa bizinesi, pomwe pakati pa nkhani yake pakuuluka kandege ka juga, pansi pake pali uthenga wa ntchito zabodza za kunja, wasokoneza adani ake. Wogulitsa mbewu mnzanu angakulandeni kasitomala mmodzi. Kathyali amene mwamulola kuima pa tsamba lanu amabera owerenga anu, ndipo amawabera m'dzina lanu.

Ambiri amaganiza kuti ku ofesi ya Google kuli munthu amene amakhala pansi n'kumasankha kuti uthenga uwu upite pa tsamba la uje. Kulibe. Aliyense amene anaperekezako belo la fodya ku Chinkhoma akuidziwa okushoni: ogula amayenda m'mizere, aliyense amatchula mtengo wake, wopambana amatenga belo. Pa tsamba zimayenda chomwecho, kungoti okushoni yake imachitika nthawi iliyonse munthu akatsegula nkhani, ndipo imatha munthuyo asanaphethire. Katundu wogulitsidwa ndi maso a owerenga anu. Pomwe zimasiyana m'pakuti ku Chinkhoma fodya akagulidwa amapita, simudzamuonanso, pomwe pa tsamba wogulayo amadzakhala pakati pa nkhani yanu, pansi pa dzina lanu, n'kumalankhula ndi anthu anu.

Ndondomeko ya Google yochitira zimenezi, AdSense, inayamba mu 2003. Kwa zaka zambiri kampaniyi yakhala ikunena kuti pa ndalama 100 zilizonse zimene wotsatsa walipira, mwini tsamba amatengapo pafupifupi 68. Kuyambira mu 2024 malipiro akuwerengedwa potengera kuti uthengawo waonekera kangati, osati kuti wadinidwa kangati. Ndalamayo siituluka isanakwane madola 100, ndipo musanafike kumeneko amakutumizirani nambala yachinsinsi m'kalata ya ku positi ofesi, kalata imene ena amaidikira mpaka kuiwala. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, madola 100 aja anasanduka ndalama ya m'ma K170,000 pa mtengo wa ku banki. Kwa mnyamata wolemba nkhani pa foni ali ku Santhe, imeneyo si ndalama yoiseka. N'chifukwa chake safuna kumva zotseka chilichonse chimene chikulipira, ndipo mantha ake ali ndi pogwira: ogula akachepa pa okushoni, mtengo umatsika. Google yomwe imachenjeza za zimenezi pomwe pali zotsekerapo.

Zotsekerazo zili pa gawo lotchedwa Blocking controls. Mungathe kulemba adiresi ya tsamba la wotsatsa amene simukumufuna, mpaka maadiresi 500. Mungathe kulowa mu Ad review center, momwe amakuonetsani mauthenga amene adutsa pa tsamba lanu, n'kumatseka umodziumodzi. Mungathenso kutseka gulu lonse: za kulemera mwachangu, za ngongole, za mankhwala ndi zowonjezera mphamvu m'thupi, za zibwenzi, za maula ndi nyenyezi, za ndale, za chipembedzo. Za juga ndi za mowa zimabwera zili zotseka kale, mwini tsamba ndiye amachita kuzitsegula. Chinthu chimodzi chimene musayerekeze: kudina uthenga pa tsamba lanu lomwe kuti muone komwe ukupita. Makina amatenga kuti mukudzibera, ndipo akaunti ingatsekedwe pamodzi ndi ndalama zimene munali mutaunjika.

Bambo wina wogulitsa zipangizo zaulimi pa boma pano anandionetsa foni yake nkhope itachita tsinya. Tsamba anamupangira mwana wa mlongo wake. Pamwamba panali dzina la shopu, kenako nkhani yofotokoza bwino za mbewu ya chimanga yocha msanga, ndipo pakati pa nkhaniyo panali chithunzi chachikulu cha kampani ina ya mbewu, choitanira alimi kwina.

"Achimwene, tsamba ndi langa, bandulo ndagula ndine, koma likuitanira anthu kwa eni ake. Ndiye kuti ndalemba mdani ganyu?"

"Bambo, pa mwezi tsambali likukupatsani zingati?"

Anapukusa mutu. Anali asanalandirepo ngakhale tambala, madola 100 aja anali adakali kutali.

Kwa munthu ngati ameneyu kusefa ndi kutaya nthawi. Makina amawerenga nkhani yanu, akaona kuti ikukamba za mbewu amaitana ogulitsa mbewu. Mukatseka uyu abwera uyo, ndipo mudzakhala mukulemba maadiresi mpaka mvula itagwa. Mankhwala ake n'kuchotseratu malonda a eni pa tsamba lonse. Phindu la thumba limodzi la feteleza limene mlimi akanagula kwa inu limaposa timasenti timene mungatole anthu mazanamazana ataona uthenga wa mnzanu. Sukulu ya pulayiveti, loji, shopu ya hadiweya, kliniki: ngati tsamba munalitsegula kuti muzigulitsa zanu, mpata uliwonse pamenepo uzilankhula za inu. Kufuna kudya pawiri, kugulitsa katundu wanu uku mukubwereketsa mpata, ndiko kukubweretsa vutoli.

Ndiponso tinene zoona, amene mumapikisana naye tsiku ndi tsiku sali pa Google. Ali pa sitetasi ya WhatsApp, ali pa wailesi ya m'dera, ali ndi chimkuzamawu pa galimoto tsiku la msika ku Chatoloma. Amene akuoneka pa tsamba lanu kawirikawiri ndi kampani ya ku Lilongwe, Lusaka kapena Johannesburg, imene ngakhale dzina lanu sikulidziwa.

Wa tsamba la nkhani ndiye alibiretu chifukwa chotsekera wotsatsa woona mtima. Simugulitsa feteleza, simugoneka alendo. Banki, kampani ya mafoni, sukulu ya ukachenjede, onsewo ndi makasitomala anu, ndipo kuwatseka chifukwa choti simuwakonda ndi kudzimana. Ndimalola malo amodzi okha. Ngati wa loji wakulipirani yekha ndalama ya mwezi ndipo munagwirizana kuti pa tsambapo sipadzaoneka loji ina, tsekani enawo, chifukwa pamenepo mukusunga pangano. Koma panganolo likhale ndi mtengo wake, chifukwa mwamugulitsa zinthu ziwiri: mpata, ndi kusowapo kwa anzake.

Tsono tibwere komwe kuli nkhani. Ndinaima kumbuyo kwa mayi wina pa kashopu kotchajitsa mafoni, zotsatira za Sitandade 8 zitangotuluka. Amafuna kuona ngati mwana wake wasankhidwa ku sekondale, ndipo wina anamutumizira adiresi ya tsamba limene linaika mndandanda. Foni yake inali yaing'ono, galasi long'aluka pakona. Tsambalo litatseguka, pamwamba panali batani lalikulu lobiriwira lolembedwa kuti Download. Anadina. Foni inamutengera kwina, kokhala ndi gudumu lozungulira lomuuza kuti wapambana mphoto. Anabwerera, anadinanso batani lomwelo, chifukwa ndilo limene limaoneka. Mndandanda weniweni unali pansi, m'timalemba ting'onoting'ono. Asanaufike bandulo inatha. Mawu amene ananena ndi akuti, "Anthu a tsambali ndi akuba." Sanatchule Google, sanatchule wotsatsa wa ku dziko lakutali. Anatchula mwini tsamba, amene mwina ndi mnyamata wakhama amene anachezera kulemba mayinawo kuti athandize makolo.

Mayiyu sanalakwe. Anthu athu anakula ndi wailesi, ndipo ku wailesi uthenga wa malonda umadutsa m'manja mwa munthu usanaulutsidwe. Wina amauwerenga, wina amaujambula, ndipo ukanama anthu amadziwa khomo lokagogoda. N'chifukwa chake chilichonse chooneka pansi pa dzina lanu amachitenga ngati mwachivomereza ndinu. Inu mukudziwa kuti bokosilo ndi la alendo. Agogo a ku Chulu amene mdzukulu wawatsegulira nkhani ya maliro a mfumu sakudziwa, ndipo si udindo wawo kudziwa.

Mitundu ya mauthenga amene akuvulaza anthu si yambiri, ndipo tonse tikuidziwa. Woyamba ndi wa ntchito za kunja. Chiyambireni achinyamata kukwera ndege kupita kukagwira ntchito m'minda ya ku Israel mu Novembala 2023, mawu oti "ntchito kunja, lembetsani lero" sakumvekanso ngati nthano, chifukwa aliyense akudziwa mwana wa uje amene anapitadi. Akathyali amadyera pomwepo: tumizani ndalama ya fomu pa Airtel Money kapena Mpamba, pasipoti tikuthandizani. Ndipo kutaya ndalama ya fomu n'kwabwinoko. Mu 2024 a BBC anaulutsa nkhani ya amayi a ku Malawi amene anakodwa mu ukapolo wa ntchito za m'nyumba ku Oman, ena mwa iwo atakopedwa ndi maejenti kudzera pa Facebook. Uthenga wotere ukaima pa tsamba la nkhani za kwathu umabwereka ulemu wa tsambalo.

Wachiwiri ndi wa mankhwala: tiyi wochotsa shuga m'masiku ochepa, ufa wotsitsa BP mpaka kalekale, botolo limene akuti likuchiza chilichonse kuyambira nyamakazi mpaka kusabereka. Dziko lino lili ndi bungwe loona za mankhwala, PMRA, koma wotsatsa wokhala kutsidya kwa nyanja salidziwa ndipo salisamala. Munthu akataya ndalama pa zimenezi n'zowawa. Choopsa ndi munthu amene wasiya kumwa ma ARV kapena mankhwala a shuga a ku chipatala chifukwa tsamba limene amalikhulupirira lamuonetsa njira yachidule. Wachitatu ndi katapila wovala suti, ngongole ya pa foni yoti mulandira pompopompo, chiwongoladzanja chake chobisika pansi penipeni. Alimi a kuno amamudziwa katapila wa mu Febuluwale. Wa pa foniyu amaposa apo, chifukwa ena mwa iwo amatenga manambala onse a m'foni mwanu, n'kudzaimbira apongozi mukachedwa kubweza.

Za juga ndinene mosamala, chifukwa apa m'pomwe anzanga amandigwira pakamwa. Amati kubetcha n'kololedwa, lamulo la 2022 linakhazikitsa bungwe la MAGLA limene limapereka ziphaso, makampani ake akuthandiza mpira, akulipira mawailesi, nanga iwe ndiwe ndani? Zonsezo n'zoona. Koma lamulo lomwelo limakaniza ana osakwana zaka 18, ndipo tsamba lanu silifunsa zaka. Tsamba loika zotsatira za mayeso kapena mafunso akale a MSCE likuwerengedwa ndi ana a Fomu 2 pa foni ya amayi awo, foni yomwe ija muli ndalama ya banki mkhonde. Ngati muli ndi tsamba la mpira lowerengedwa ndi akuluakulu ndipo mwaganiza zolandira kampani ya chiphaso, sindikumenyani, ngakhale ine sindingatero. Chimene ndikukana ndi kunamizira kusadziwa. Pajatu ndanena kuti ku AdSense gululi limabwera lotseka. Kandege kakaoneka pa tsamba lanu, kawirikawiri ndiye kuti munatsegula nokha, kapena munalowa pangano lolandira kangachepe pa munthu aliyense amene walembetsa kudzera mwa inu, kapena munaika malonda a kampani ina yosasankha. Pa pangano lachiwirilo, nthawi zambiri mumadya owerenga anu akaluza.

Pali chinthu china chimene chimatikankhira kwa makampani osasankhawo, ndipo chimandipweteka mtima. AdSense ili ndi mndandanda wa zilankhulo zimene imalola, ndipo Chichewa mulibe. Malamulo ake amakaniza kuika malonda pa tsamba limene nkhani zake zambiri zili m'chilankhulo chosaloledwa. Google Translate inayamba kumasulira Chichewa mu 2014, koma pa nkhani ya ndalama chilankhulo chathu sichinafikebe. Ndiye wolemba amene wasankha kulankhula ndi anthu a ku Wimbe ndi ku Chamama m'chilankhulo chawo amakanidwa, ndipo amapita kwa amene salabadira chilankhulo, salabadiranso china chilichonse. Amenewo amakulandirani tsiku lomwelo. Malonda awo ndi aja otseguka okha kuseri, aja okuuzani kuti foni yanu ili ndi mavairasi, aja a atsikana ovula amene amatulukira mukuwerenga nkhani pamaso pa apongozi. Zotsekera zawo n'zochepa, ndipo kwina mumachita kulemba kalata yopempha. Zotsatira zake n'zakuti owerenga amene ali osatetezeka kwambiri, osadziwa Chingelezi, ndi amene amalandira malonda oipitsitsa. Wolemba Chichewa amene wakana makampani amenewa n'kukhala wopanda malonda ndimamuvulira chipewa, chifukwa ndikudziwa chimene wasiya.

Ngakhale kwa amene ali pa AdSense chilankhulo chimavutabe. Kutseka magulu kuja kumagwira ntchito pa mauthenga olembedwa m'zilankhulo zowerengeka. Uthenga wolembedwa kuti "bwezani mwamuna wothawa, ndalama za changu, imbani nambala iyi" ungadutse makina osauzindikira, makamaka mawuwo akakhala m'chithunzi. Amene angauzindikire ndinu.

Nkhani ya bandulo isaiwalike, poti kunja saiganizira. Uthenga wa vidiyo woyamba kusewera wokha umadya mayunitsi a munthu amene wagula bandulo ya tsiku limodzi ndi ndalama ya ndiwo. Chrome, pulogalamu ya Google yotsegulira masamba a pa intaneti, inayamba kusefa yokha mauthenga osokoneza kwambiri mu Febuluwale 2018, ndipo mu 2020 inayamba kuchotsa uthenga uliwonse wodya deta yoposa 4MB munthu asanaukhudze. Malire amenewo anaikidwa ndi anthu a intaneti yosatha. Kwa ife mauthenga atatu a 3MB pa nkhani imodzi ndi msonkho. Owerenga akatopa amapeza njira yawo: Opera Mini, imene ili m'mafoni ambiri kuno, ili ndi chotsekera malonda kuyambira mu 2016, ndipo munthu akachiyatsa amatseka zonse, zabwino ndi zoipa zomwe. Mwini tsamba amene amaopa kutaya pang'ono posefa amadzataya zonse.

Otsutsa ali ndi mfundo zina ziwiri zimene sindingazinyoze. Yoyamba ndi yoti imeneyi ndi ntchito ya boma ndi ya Google. Kunena zoona malamulo alipo: CFTC imaona za malonda onyenga ogula, MACRA ili ndi lamulo la 2016 la zochitika pa intaneti. Koma mabungwewa angaitane kampani ya ku Limbe, osati munthu wopanda nkhope amene lero ali ndi adiresi iyi mawa ina. Google nayo imagwira ambiri. Inanena yokha kuti mu 2023 inachotsa kapena kutseka mauthenga 5.5 biliyoni ndi kuimitsa maakaunti a otsatsa 12.7 miliyoni. Chiwerengerocho ena amachimva ngati chitonthozo. Ine chimandiuza kuchuluka kwa amene akuyesa kulowa, ndipo mwa ochuluka chonchi opulumuka sangalephere. Wotsiriza kuima pakati pa iwo ndi mayi uja wa foni yong'aluka ndi mwini tsamba.

Yachiwiri ndi yovuta: ukayamba kutseka, ulekera pati? Lero juga, mawa mpingo umene sugwirizana nawo, mkuja chipani chimene sunachivotere. Nkhawa imeneyi ndi yeniyeni, ndipo ndaonapo anthu akugwiritsa ntchito zotsekerazi ngati chibonga. Muyeso wanga ndi uwu: kodi uthengawu ukunamiza munthu, kumubera kapena kumuika pa ngozi? Ngati ukungondinyansa ine, umenewo si mlandu. Uthenga wa njira zolerera kapena woyezetsa magazi suvulaza munthu, ndipo kuutseka chifukwa cha manyazi m'boma la anthu oposa 800,000, ambiri mwa iwo achinyamata, ndi kuwamana chinthu chowathandiza. Vuto n'lakuti magulu a Google amaphatikiza zinthu zambiri, mukatseka gulu lonse kuti muchotse wogulitsa ufa wa mphamvu za abambo mungakokere limodzi ndi uthenga wa chipatala. Pamenepo ndi bwino kutseka umodziumodzi, ngakhale n'kotopetsa. Za ndale, nthawi ya kampeni tsamba la nkhani lisankhe chimodzi: onse alowe kapena onse akhale kunja. Kutseka chipani chimodzi mwakachetechete uku mukudzitcha osakondera ndi bodza limene owerenga sangalione, ndipo n'chifukwa chake ndi loipa.

Ntchito yake ndi yosasangalatsa ndipo siitha. Mauthenga amene inu mumaona pa foni yanu si amene ena akuona, chifukwa makina amasankha potengera komwe munthu ali ndi zimene wakhala akufufuza. Mlongo wanu wa ku Joni akuona zake, mphunzitsi wa ku Nkhamenya zake, mwana wa sukulu zake. Owerenga a ku Joni ndi a ku Ulaya ndiwo amabweretsa ndalama yochulukirapo, poti otsatsa akumeneko amalipira bwino, koma ndiwonso amasakidwa ndi onama za mapepala ndi za kutumiza ndalama kumudzi. Apempheni azikutumizirani chithunzi akaona chachilendo. Bwerekani foni ya munthu wina muone tsamba lanu ndi maso ake. Lowani mu Ad review center sabata iliyonse, osati pokhapokha wina akadandaula. Mukatseka sizichoka nthawi yomweyo, zimatenga maola, choncho musathamangire kunena kuti sizikugwira. Ndipo amene mwamutseka lero adzabweranso ndi adiresi yatsopano ndi chithunzi chomwecho.

Ndalama idzatsika, pa zimenezo ndisakunamizeni. Mauthenga achinyengo nthawi zina amalipira bwino chifukwa eni ake akudziwa kuti akabweza msanga. Koma funsani kuti ikutsika kuchokera pa zingati. Otsatsa salipira zambiri pofuna maso a munthu wa ku Malawi, ndiye tsamba limene owerenga ake ambiri ali kuno limatola zochepa ngakhale litatsegula makomo onse. Kugulitsa chikhulupiriro cha anthu pa mtengo wa bandulo ya mwezi ndi malonda oluza, ngakhale kwa munthu amene alibe nazo ntchito za chikumbumtima.

Ndalama yeniyeni ya tsamba la m'dera ili pafupi, kwa anthu omwe aja timafuna kuwatsekera. Wa hadiweya, wa sukulu yophunzitsa kuyendetsa galimoto, wogula soya ndi mtedza, wa holo ya maukwati, onsewa akufuna anthu a ku Kasungu, ndipo anthu a ku Kasungu muli nawo ndinu. Mmodzi wa iwo akalipira mwezi angapose zimene Google ingakupatseni pa miyezi ingapo, ndipo chithunzi chake mumachiika nokha, chopepuka, chosadya bandulo. Komatu walira mvula walira matope. Wotsatsa wa kwanu amalipira mochedwa, amati tionana fodya akagulidwa. Amafunanso zina zimene Google siifuna: mukalemba nkhani yoti mavenda akubera alimi pa sikelo, foni imalira, "Achimwene, nanga si tili limodzi?" Ndipo kumukana n'kovuta kuposa kudina batani, chifukwa mukakumana naye ku tchalitchi, pa maliro mudzakhala mphasa imodzi.

Sefa yemwe uja akufunika pamenepanso, ndipo pano mulibe makina oti muwanamizire. Wogulitsa mbewu amene mukudziwa kuti amapaka utoto chimanga cha m'nkhokwe n'kuchiika m'mapaketi musamulandire, kaya ndi mkulu wa mpingo. Sing'anga wolonjeza kuchulukitsa ndalama musamulandire, ngakhale abwere ndi ndalama m'manja pomwe ena akukongola. Amene mwamulandira, lembani naye kapepala: mwezi uti, ndalama zingati, theka lilipiridwe uthenga usanakwere, ndi chiganizo chimodzi chonena kuti kugula mpata si kugula nkhani. Pamwamba pa bokosi lake lembanipo mawu oti Malonda, m'Chichewa, m'zilembo zoti munthu wa foni yaing'ono aziona.